Mutu 7: Kawaya Atseka Pakamwa Kompyuta ya Galimoto

1. Kabokosi kakuda

Tsikulo kunacha kuli mitambo bii, mvula osagwa, dzuwa osatuluka. M'galaja ya amalume ake, Kawaya anali atagona chagada pa katoni, mutu uli kunsi kwa chiwongolero, miyendo ili panja pa galimoto.

Dzina lakuti Kawaya anamupatsa ndi anzake akusukulu. Atsikana ena akamalukana tsitsi, iye ankaluka mawaya, ndipo m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa tepi yakuda. Atamaliza sekondale analowa sukulu ya ntchito zamanja. Masiku opuma ankathera m'galajamo, kuthandiza amalume ake amene anali katswiri wa zamagetsi a galimoto.

Galimoto imene ankakonzayo inali ya malemu bambo ake. Inaima kuyambira dzinja lapitalo, madzi a mvula atalowa m'kompyuta yake. Kompyuta imeneyi ndi imene imauza injini kuchuluka kwa petulo woti imwe komanso nthawi yoti mapulagi athetheke moto. Ikafa, galimoto imasanduka khola la makoswe.

Ina yofanana nayo inasowa. Pamapeto pake mayi ake a Kawaya anagulitsa amodzi mwa makina awo awiri osokera, n'kugula kabokosi kakuda kokwana m'manja. Kameneka kanali kompyuta yotheka kuikidwa m'galimoto ina iliyonse, bola apezeke munthu wokaphunzitsa kudzera pa laputopu.

Amene ankakadikira kwambiri anali mchimwene wake wa Kawaya. Mnyamatayu anali atakhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Tsopano kampani ina yoperekera katundu m'makomo inali itamuuza kuti afike ndi galimoto yake madzulo a tsiku lomwelo kuti akamuyese. Akapanda kufika, malowo apatsa wina.

Tsoka ilo, m'mawa womwewo amalume ankapita kuchipatala kukachotsedwa ng'ala m'diso. Atavala jekete, anaima pafupi ndi miyendo ya Kawaya n'kumugwedeza phazi ndi ndodo yawo.

"Tatuluka kaye, mwana wa mlongo wanga, undimvere," anatero.

Kawaya anatuluka n'kukhala tsonga.

"Za laputopu zakozo ine sindizidziwa, ndipo maso angawa sangaone n'komwe tizilembo take. Koma injini ndinayamba kuidziwa mayi ako asanakwatiwe. Kompyuta imene galimoto inabadwa nayo inali ngati mayi wake. Mwana akakhosomola, inkadziwa pamene pakupweteka. Iyi ndi mlendo. Zonse zimene idziwe, uiuza ndi iwe. Ukaiuza bodza, ichita bodzalo ndi mtima wonse, osafunsa. Tsono pali chimodzi chimene ndikukuletsa. Ikayamba kudandaula, usaitseke pakamwa. Ikazimitsa injini, pali chifukwa. Mwina ikulakwitsa, mwina ikunena zoona. Ntchito yako ndi kufufuza kuti zenizeni ndi ziti, osati kusankha zimene zikukukomera. Ugwade, uyang'ane, ugwire ndi manja ako. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala kabokosi. Ndipo galimoto iyi isatuluke pageti ine ndisanaimve kulira ndi makutu angawa."

"Nanga mukachedwa kuchipatalako, malume?" anafunsa mchimwene wake wa Kawaya, amene ankapukuta magalasi a galimotoyo.

"Ndikachedwa, nayonso ichedwe," anayankha amalume, n'kutuluka.

2. Kuphunzitsa mlendo

Kawaya anayamba ndi kuchotsa waya wa kubatire. Kenako anasolola ndodo yoyezera oyilo n'kupeza kuti oyilo ndi wokwana. Atatero anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza mawaya, mmodzimmodzi, akuyerekeza ndi chithunzi chimene chinabwera ndi kabokosiko.

Mawayawo anali ambiri ngati mizu ya udzu. Ena ankapita kumapulagi, ena kupampu ya petulo. Ena ankachokera kumasensa, tizipangizo timene timakhala ngati maso ndi makutu a kompyuta: kena kamva kutentha, kena mpweya, kena mphamvu ya oyilo, kena kuzungulira kwa injini.

"Kodi ukusoka diresi la ukwati?" mchimwene wake anafunsa. "Kuchedwa kwake bwanji!"

"Mukafuna, bwerani mulumikize ndinu, achimwene. Koma zozimitsira moto muyambe mwazibweretsa pafupi."

Onse anaseka. Kunali kuseka koyamba m'galajamo kuchokera tsiku limene galimotoyo inakankhidwiramo.

Dzuwa likanakhala kuti likuoneka, bwenzi lili pamutu pamene Kawaya anamaliza. Anabwezera waya wa kubatire, n'kulumikiza laputopu. Anauza kompyutayo kuti injini ili ndi masilinda angati, ikula bwanji, ndiponso imamwa mafuta amtundu wanji.

"Lizani, achimwene."

Mnyamatayo anapotokola kiyi. Injini inazungulira, nye-nye-nye-nye, koma osalira. Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Basi, atigulitsa njerwa," anadandaula.

"Tadikirani." Kawaya ankayang'ana pa laputopu. Injini inkazungulira ndithu, koma kompyuta inkaonetsa kuti yaima. Ndiye kuti sinkaona chilichonse. Anatsata mawaya awiri ochokera kusensa ya kuzungulira kwa injini, n'kupeza kuti anawasinthanitsa. Anawamasula, n'kuwabwezera moyenera.

"Lizaninso."

Ulendo uno injini inakhosomola, n'kutsokomola, kenako vruuu! Inalira. Koma inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda woti tolo, mpaka m'maso kuwawa.

Kawaya anayang'ananso pa laputopu n'kuona chodabwitsa. Kompyuta inkakhulupirira kuti injini yazizira ngati ili m'firiji, choncho inkaithira petulo wambiri kuti itenthe. Vuto linali lakuti Kawaya anasankha mtundu wolakwika wa sensa ya kutentha. Atasintha, utsi unachepa, kunjenjemera kunatha, injini n'kuyamba kulira mosalala.

Mchimwene wake anatsika n'kumunyamula m'mwamba ngati mwana.

"Mlongo wanga ndi dolo! Mlongo wanga ndi injiniya!"

"Nditsitseni, achimwene, mundigwetsera m'dzenje!"

Pansi pa galimotoyo panalidi dzenje lakuya, limene amakanika amatsikiramo akamakonza zakunsi. Mnyamatayo anamutsitsa, koma m'maso mwake munali mutalengeza misozi. Kulira kumeneko kunali komwe ankamva m'mawa uliwonse bambo awo ali moyo.

3. Kompyuta ikana

Anaisiya injini kuti itenthe bwino. Kenako Kawaya anauza mchimwene wake kuti aponde mafuta pang'ono. Injini inakweza mawu. Anapondanso. Mwadzidzidzi, phwii, inazima. M'galaja munangoti zii.

Pa laputopu panayaka mzere wofiira wonena kuti mphamvu ya oyilo yatsika, ndipo injini yazimitsidwa kuti itetezedwe.

Anailizanso. Inalira bwinobwino. Atangoponda mafuta, inazimanso, mzere wofiira uja n'kubwerera.

"Chavuta n'chiyaninso?" mnyamatayo anafunsa.

"Ikuti oyilo sakufika mokwanira m'kati mwa injini."

"Koma oyilo unamuyeza wekha m'mawa. Ndinakuona."

"Ndinamuyeza."

"Ndiye kakunama kabokosi kakoka. Poyamba kamati injini yaima pamene ikuzungulira. Kenako kamati yazizira pamene ikutentha. Bodza ndiye kudya kwake."

"Sikananame, achimwene. Ndinali nditakauza zolakwika ndine."

"Ndiye panonso wakauza zolakwika. Konza tizipita."

Kawaya anaunika mawaya a sensa ya oyilo. Anali bwino. Anaona mtundu wa sensa umene anasankha pa laputopu. Unali woyenera. Njira yotsala inali kuyeza mphamvu ya oyiloyo ndi geji yapamanja, imene simadalira magetsi. Koma gejiyo inali m'kabati yachitsulo, ndipo makiyi ake anapita ndi jekete la amalume. Anawaimbira foni, koma inali yozima.

Nthawi yonseyi maso a Kawaya anali pa laputopu ndi pa mawaya a pamwamba pa injini. Kutsika m'dzenje muja sanakuganizire.

4. Mawu a mayi

Ali m'kati molimbana choncho, mayi awo analowa atanyamula fulasiki ya tiyi. Malo awo osokerapo anali mumsewu womwewo, ndipo anali atamva kulira kwa galimoto ya malemu amuna awo. Anafika akumwetulira, koma ataona nkhope za ana awo, kumwetulirako kunazilala.

Kawaya anawafotokozera zonse. Mayiwo anathira tiyi m'makapu, n'kukhala pa tayala lakutha. Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna.

"Bambo, ndikudziwa kuti ntchito imeneyi ukuifuna. Nanenso ndikuifuna, usaganize kuti msana wangawu supweteka. Koma tamvera. Ine ndaika kale munthu mmodzi m'manda, ndipo ndikudziwa kulemera kwake kwa dothi. Ntchito ikapita, ina imabwera, ngakhale ichedwe. Galimoto ikafa, ndi chitsulo, tigulitsa kwa ogula zitsulo. Koma mwana sagulidwa pamsika. Bambo ako ankayenda ndi galimoto iyi ngati akunyamula mazira. Akamva kaphokoso kachilendo ankaima, ngakhale tili paulendo wa kumaliro, anthu n'kumawanena kuti ndi amantha. Amantha omwewo sanagundepo ngakhale nkhuku. Malume ako anena kuti mudikire. Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwenso, mayi," anatembenukira kwa Kawaya, "nzeru zako ndazinyadira, koma nzeru zisakuchititse manyazi kunena kuti sindikudziwa."

"Ndamva, amayi," anatero Kawaya.

Mnyamatayo anawerama. Ankangoyang'ana m'kapu.

Mayiwo anatola fulasiki yawo n'kubwerera kukasoka, chifukwa kunali munthu wodikira malaya ake.

5. Chala chimodzi

Atachoka mayi awo, mnyamatayo anaika kapu pansi. Kenako anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wake. Sanakalipe. Akanakalipa, bwenzi kumukanira kuli kosavuta.

"Mlongo wanga, kodi pali njira yoti kabokosika kasamazimitse injini?"

Kawaya anazengereza. "Ilipo. Koma amalume aletsa."

"Amalume sakudziwa mmene zimawawira. Iwo ali ndi galaja. Iwe uli ndi sukulu. Ine ndili ndi chiyani? Ndikadutsa pamsewu anzanga amati, uyo mlonda wa galimoto yakufa. M'mawa ndimadikira amayi achoke ndiye ndidzuke, kuti ndisaonane nawo maso. Sopo amene ndimasambira ndi wa thukuta lawo. Bambo anandigwira dzanja kuchipatala kuja n'kunena kuti ndisamale inu awiri. Ndakusamalani ndi chiyani?"

Anayang'ana kumbali.

"Ndiyenda pang'onopang'ono," anapitiriza. "Ndikangowaonetsa galimoto, andilembe, ndibwerera pompano. Amalume akamafika aipeza ili pamalo pake. Iweyo ukuona bwanji, injini imene ikulira mokoma chonchi ingakhale yodwala?"

Mnyamatayo anapotokola kiyi, Kawaya n'kumvetsera kulira kwa injiniyo. Kunalidi kosalala, kopanda kugogoda. Anayang'ana mzere wofiira uja. Anayang'ana nsapato za mchimwene wake, zimene anazipaka polishi kuyambira dzulo, ngakhale zinali zong'ambika kutsogolo.

"Mukamva phokoso lililonse lachilendo, muime," anatero.

"Ndiima."

"Mulonjeze, achimwene."

"Ndalonjeza pali malemu bambo."

Pa laputopu panali kabwalo kakang'ono kokhala ndi chizindikiro, pambali pa mawu onena za chitetezo cha oyilo. Kawaya anaika chala pamenepo. Chizindikiro chinachoka. Kompyuta inamufunsa ngati akutsimikiza. Anavomera.

Ntchito yonseyo inali ya chala chimodzi basi.

Mnyamatayo anaponda mafuta. Injini inabangula, osazimanso. Anawomba m'manja, n'kutsegula geti, n'kubweza galimoto mpaka mumsewu. Anatulutsa mkono pawindo n'kubayibitsa. Kawaya anaima pageti mpaka galimotoyo inakhota pakona.

Anabwerera m'galaja. Tiyi wake anali atazizira. Anayamba kutola tizidutswa ta mawaya, kusesa, kupachika masipanala, kenako kuwachotsa n'kuwapachikanso. Mvula yowaza inayamba kulira padenga.

6. M'dzenje

Amalume anafika dzuwa litapendeka, diso limodzi litamangidwa bandeji, linalo likuona mwachimbuuzi. Analowa akufufuza njira ndi ndodo. Ndodoyo itafika pamene panali galimoto, inangodutsa m'malere.

Anaima.

"Ili kuti?"

Kawaya anaweramitsa mutu. Anafotokoza za mawaya osinthana, za utsi wakuda, za mzere wofiira. Atafika pa nkhani ya chizindikiro chija, mawu anamuthera.

"Waitseka pakamwa," amalume anamumalizira.

"Eya, malume."

Sanamukalipire. Ananunkhiza m'mwamba ngati munthu amene wamva chinthu chikupserera.

"Tenga tochi. Tsika m'dzenjemo undiuze chimene uone."

Kawaya anatsika masitepe. Phazi lake litangoponda pansi, linaterereka, ndipo anagwa n'kutsamira manja. Anawunika ndi tochi. Pansi ponse panali thamanda la oyilo watsopano, wonyezimira ngati uchi. Khoma la dzenjelo linali litawazidwa mpaka pamwamba.

"Muli oyilo, malume," anatero ndi mawu otsika. "Wambiri."

Amalume anakhala pansi pa benchi pang'onopang'ono.

"Ndi paipi ya labala ya kunsi ija. Galimoto ikaima nthawi yaitali, labala amauma n'kung'aluka. Injini ikakhala chete, satulutsa kanthu, n'chifukwa chake m'mawa unapeza oyilo ali wokwana. Koma mukaponda mafuta, amapopera ngati mtsempha wodulidwa. Kabokosi kaja kanaona zimenezi, kanakuuza kawiri konse. Mwanawe, injini yopanda oyilo siyamba yapempha chilolezo isanaime. Zitsulo zimatentha, zimagwirana, imangoima nji pamene yafunira. Ikazima pamtsetse, chiwongolero chimalimba, buleki imauma ngati mwala. Imba foni. Muuze aime pamene alipo, asasunthenso."

Kawaya anatuluka m'dzenjemo. Foni inkaterereka m'zala zake zonona. Anaimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitananso, osayankhidwa. Ulendo wotsatira, inali yozima.

"Mwina ali m'kati moyesedwa," anatero, akuyang'ana amalume ake kuti amuvomereze.

Amalume anatembenuzira mutu kugeti.

7. Pageti

Mvula inakula. Madzi ankadontha pamalata obooka n'kumagwera m'chitini chimene chinali pakona. Awiriwo anakhala pa benchi, aliyense akumvetsera kumsewu. Galimoto iliyonse ikamayandikira, Kawaya ankaimirira. Ikadutsa, ankakhalanso.

Kenako kunamveka kulira kolemera kwa lole, limodzi ndi phokoso la unyolo. Inaima pageti penipeni.

Inali lole yokoka galimoto zowonongeka. Kumbuyo kwake kunali galimoto ya malemu bambo ake, kutsogolo kutapindika, galasi litasweka, tayala limodzi litakhota. M'kati munalibe munthu.

Kawaya anaima pakhomo la galaja. Chapatali anaona mayi ake akuthamanga pamvula opanda nsapato, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi.

M'lolemo munatsika wapolisi wachikulire. Anavula chipewa polowa m'galaja, n'kuchikutumula madzi.

"Pepani, ndi kuno kwawo kwa mnyamata amene amayendetsa galimoto iyi?"

"Ndi mwana wanga!" mayi aja anafuula atafika pageti. "Ali kuti? Ndiuzeni, bambo, ali kuti?"

"Ali moyo, mayi. Wathyoka mwendo, ali kuchipatala."

Mayiwo anagwada pamatope n'kuphimba nkhope. Kawaya anapuma mozama. Koma wapolisiyo anali asanamalize.

"Injini inamuzimira pamtsetse wa pafupi ndi sukulu ya pulayimale, ana akuweruka. Anayesetsa kuwapewa, anthu akuchitira umboni. Koma kamtsikana kena kanali m'mbali mwa msewu, kakumanga chingwe cha nsapato. Madokotala akadali nako. Sakunena kanthu."

M'galaja monse munangomveka madzi odonthera m'chitini.

"Mnyamatayo akuti galimotoyi yakonzedwa lero, muno," wapolisi anapitiriza. "Wakana kutchula dzina. Ndiye ndikufunsa inu. Waikonza ndani?"

Kawaya anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo dzanja la amalume ake linagwira mkono wake n'kuufinya mwamphamvu.

"Ndine," anatero amalume. "Galaja ino ndi yanga."

Wapolisi anawayang'ana. Anayang'ana bandeji yatsopano, n'kuyang'ananso diso linalo lotuwa.

"Inu, bambo? Ndi maso amenewo?"

Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. Maso ake anatsika mpaka pa manja a Kawaya, amene anali akadali ndi oyilo.

"Nanga iwe, mtsikana," anafunsa motsitsa mawu, "ukuti bwanji?"